Nkhope ya Damiyano

Sunthirani kuno, utsi ukupita uko. Nkhani iyi si yamakedzana ayi, ndi yadzana lomweli, ndipo mwini wake akadali moyo, akudya ndi kumwa ngati inu nomwe. Amene mumatsikira pa Kamphata mukukadziwa kashopu kopaka utoto wobiriwira kaja, kopanikizika pakati pa butchala ndi okonza njinga. Mukadzalowamo mudzapeza mayi wina wosaseka, wovala magalasi aamuna, amene amayang'anitsitsa nkhope ya aliyense wolowa pakhomo mpaka munthuyo kuchita manyazi. Ameneyo ndiye Alefa. Kale sankatero.

Kashopuko anakayambitsa ndi mwamuna wake, malemu Damiyano Kalonjere. Ankatayipa makalata ofunsira ntchito, kupulinta mapologalamu a maukwati ndi a maliro, komanso kujambula zithunzi. Palibe khanda la pa Kamphata limene Damiyano sanalijambule. Koma iye mwini ukamuloza ndi kamera ankatchinga ndi chikhatho, n'kumati wometa anzake sadzimeta yekha. Choncho pa zaka makumi awiri ndi chimodzi za banja lawo, zithunzi zooneka nkhope yake zimene Alefa ankazidziwa zinali zisanu ndi ziwiri basi, ndipo zonsezo zinali mu kompyuta ya m'shopumo, chibokosi chakuda chakalekale chokhala pansi pa tebulo, cholira ngati chigayo chakutali. China cha ukwati chinali pakhoma kunyumba, koma mlongo wake wa Damiyano anachitenga tsiku logawa katundu wa malemu.

Panali mlandu umodzi umene Alefa sanamukhululukire mwamuna wake, ndipo mlanduwo unali ndi dzina: Felesiya. Ameneyu anali mwana amene Damiyano anabereka kwa mkazi wina wa ku Mayani asanakwatire. Zoti munthu anabereka asanakupeze, zimenezo mkazi amangomeza. Chimene chinkamuwawa Alefa n'chakuti mwezi ukatha bamboyo ankavala malaya abwino n'kunena kuti akukagula mapepala ku Dedza, madzulo n'kubwerako wopanda ndi pepala limodzi lomwe, koma akuimba mluzu. Anthu osasunga pakamwa ankati mwanayo ndi Damiyano wovala chitenje. N'chifukwa chake Alefa analumbira kuti sadzamuyang'ana kumaso, ndipo lumbirolo analisunga. Akakumana naye ankangoona mapazi.

Tsiku la maliro, mbiri ya malemu anatayipa yekha Alefa, misozi ikudonthera pa kiyibodi. Pamene mkulu wa mpingo ankawerenga pagulu kuti, "Wasiya mkazi mmodzi ndi ana awiri, Isaki ndi Kelita," Felesiya anali pompo, atakhala pansi pakati pa amayi. Anthu anayang'anizana, wina anatsokomola, koma pamaliro sakanganirapo, ndiye zinapita choncho. Mumtima Alefa anati, "Ali moyo ndinagawana naye. Wakufayu ndi wanga ndekha."

Patatha miyezi khumi ndi umodzi, abale atagwirizana tsiku lovundukula chiliza, Felesiya anatulukira kushopu dzuwa lili paliwombo. Alefa anamuzindikira ndi mapazi omwewo, aatali, otuwa ndi fumbi la ulendo.

"Odi, amayi."

"Tikuthandizeni chiyani?" anatero Alefa, maso ali pa mapepala, ngati akulankhula ndi kasitomala wamba.

"Ndine Felesiya."

"Sindinafunse dzina."

Mtsikanayo anagwada pakhomo pomwepo. "Ndimapempha chithunzi chimodzi chokha cha bambo anga. Panopa ndili ndi mwana, wamwamuna. Ndimati akadzakula adzawaoneko agogo ake. Ine ndilibe n'chimodzi chomwe, ankangoti zonse akusunga m'kompyuta."

Kompyutayo inali ikulira pansi pa tebulo, yabwinobwino. Alefa anatambasula mwendo mwakachetechete, n'kudina switchi ya pakhoma ndi chala cha kuphazi. Chigayo chija chinazima.

"Kompyuta yawonongeka," anatero.

"Yawonongeka liti, amayi?"

"Kalekale."

Felesiya anadzuka n'kusasa fumbi m'mawondo. Sanalire, sanatukwane. Anangoti, "Chabwino, amayi. Ikadzachira mudzandiuze." Mapazi aja anatembenuka n'kutsika pakhonde. Alefa anamva kukoma mumtima, kukoma kwake kwa munthu amene wakanda chilonda.

M'mawa mwake atatsegula shopu anapeza switchi ili chizimire monga anaisiyira. Koma atawerama kuti asese pansi pa tebulo, dzanja lake linakhudza chibokosi chija, ndipo chinali chofunda ngati mpando umene munthu wangochokapo kumene. Anati mwina ndi malata, ngakhale kuti dzuwa linali lisanakwere. Atayatsa, kompyuta inachedwa kudzuka mpaka tiyi wake anazizira. Itadzuka, pakona pamene pamaoneka tsiku panalembedwa 14 Malichi 2001. Anakonza. Pofika masana tsiku lija linali litabwerera.

Zinayamba choncho, pang'onopang'ono. Akamatayipa, kamzere kothwanima kaja kankachoka kokha pamene wakasiya n'kutsikira pamzere wapansi, n'kumangodikira pamenepo, ngati munthu amene akufuna kulankhula koma akuyembekeza kuti umalize. Magalasi a Damiyano, amene ankawasunga m'sutikesi kunyumba, anasowa. Anagubuduza nyumba yonse, anakalipira ngakhale nkhuku. Tsiku lachitatu anawapeza kushopu, ali pa kiyibodi, otsegula, atayang'ana ku sikirini.

Ndiye panali kukhosi kuja. Damiyano akafuna kunena chinthu chovuta ankayamba wakonza kukhosi kawiri, kenako n'kunena. Tsiku lina Alefa akutayipira mphunzitsi wina kalata yopempha kusamutsidwa, m'masipika munamveka kukhosi kukukonzedwa, kamodzi, kawiri. Kenako zii.

Mphunzitsiyo anasuzumira kuseri kwa katani. "Muli ndi alendo, mayi?"

"Ndi mawaya," anatero Alefa. Koma zala zake zinakana kupitiriza, ndipo mphunzitsiyo anatenga kalata yake ili theka n'kupita.

Nawonso a Chikadza, mlonda wa mashopu a mzerewo, anamuimitsa m'mawa wina akuweruka. Anayamba ndi moni wautali, kenako anafunsa akuyang'ana kumbali.

"Mayi, masiku ano mukumagona m'shopu?"

"Ndigone m'shopu ndilibe nyumba?"

"Ayi, ndimangofunsa. Chifukwa kutayipa kukumamveka usiku wonse. Ndiye matayipidwe akewo, a zala ziwiri aja." Anakanda m'mutu. "Ine ndasamukira ku khonde la butchala. Musadabwe mukaona choncho."

Alefa ankatayipa ndi zala zonse khumi, anachita kuphunzira kusukulu. Wa zala ziwiri ankamudziwa.

Mantha anali nawo, tisaname, koma mkwiyo unaposa mantha. Kutatsala masabata awiri kuti chiliza chivundukulidwe, anakhala pansi n'kutayipa pologalamu ya mwambowo. Analemba monga analembera pamaliro: ana awiri, Isaki ndi Kelita. Pa sikirini zinaoneka momwemo. Koma pepala litatuluka mu pulinta linati: ana atatu, Felesiya, Isaki ndi Kelita. Analing'amba n'kupulintanso. Chimodzimodzi. Anang'amba mapepala mpaka basiketi inadzaza, sikirini ikunena zake, pulinta ikunena zake. Atatukula maso komaliza anaona pakati penipeni pa sikirini pali foda imene anali asanaionepo, dzina lake Felesiya.

Anaitsegula. Munali zithunzi mazana atatu ndi kanthu. Choyamba chokha ndicho anachiona: Damiyano ali mnyamata, atakhala pa mpando wa ndalema, khanda lili pamiyendo, akuseka mano onse pamtunda. Chikhatho chotchinga chija panalibe. Kwa iye, mkazi wa ukwati wa mutchalitchi, bamboyo ankabisa nkhope, koma ku Mayani ankaipereka yonse. Alefa anatseka msangamsanga, n'kuifufuta fodayo, n'kukaifufutanso m'bini. Anapita kukagula chimanga chootcha kuti mtima utsike. Pobwera anaipeza ili pamalo pomwe paja.

Apa m'pamene anaitana Wayisoni Kamtedza, wokonza mafoni ndi makompyuta wa pa Nathenje. Wayisoni anakulira limodzi ndi Damiyano, ndipo ndiye anali mboni pa ukwati wawo. Anafika pa njinga yamoto, kachikwama ka zipangizo kali pamsana, nthabwala zili pakamwa monga mwa masiku onse.

"Alamu, musadandaule, ndi vayirasi iyi. Mafulashi a ana asukuluwa ali ngati ntchentche, amatera paliponse." Anaikamo pulogalamu yosaka mavayirasi, ndipo inapezadi ambirimbiri. Anawachotsa onse, anadya mbatata ndi tiyi, n'kupita akudzitama. M'mawa mwake foda ija inali pompo, ndipo chibokosi chinali chofunda.

Ulendo wachiwiri anabwera ndi sikuludiraiva. Anatsegula chibokosicho, anabwereka pampu kwa okonza njinga n'kupemerera fumbi la zaka ndi zaka mpaka onse awiri anayetsemula. Anazula kachipangizo kotchedwa ramu n'kukapukuta ndi labala ya pensulo. Anasintha kiyibodi, anasintha mausi, masipika anawazula n'kuwaika pansi pafupi ndi chitseko. Pomaliza anatulutsa kabatire kozungulira konga ndalama yachitsulo.

"Wakuba masiku ndi ameneyu," anatero akukaonetsa. "Kakatha mphamvu aka, kompyuta imaiwala kuti lero n'lachingati. Taikamo katsopano, muona."

Anayatsa. Anadikira. Kenako anawerama kuti awerenge pakona paja, ndipo Alefa anaona nthabwala zikumuthera pankhope.

"Tsiku limeneli lakhala likubwera lomweli?"

"Lomwelo. Bwanji?"

Wayisoni anapukuta manja pa thalauza ngakhale anali oyera. "Kabatire kakafa, kompyuta imabwerera ku tsiku loyamba la chaka, osati pakati pa Malichi. Tsiku ili ine ndikulidziwa, alamu. Ndine ndinapalasa njinga kupita ndi mayi ake a Felesiya kuchipatala. Damiyano ankathamanga pambuyo atanyamula beseni."

Asanatseke pakamwa, kukhosi kuja kunamveka, kamodzi, kawiri. Onse awiri anayang'ana masipika ali pansi paja, mawaya ake ali lende, osalumikizidwa kulikonse. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo, wa butchala akudula mafupa, minibasi ikuitanira za ku Lilongwe. Wayisoni analongedza zipangizo zake osamaliza tiyi, ndipo anaiwala sikuludiraiva.

Anabweranso Lachinayi, chiliza chili Loweruka. Tsikulo sanaseke. Anakhala pa benchi ya makasitomala, chipewa chili pabondo.

"Alamu, zimene ndimadziwa ndayesa zonse. Kwatsala njira imodzi, kufomata. Mkati umu muli hadi disiki, ndiyo nkhokwe yosunga zonse. Kufomata ndi kukokolola nkhokweyo mpaka pansi, chabwino ndi choipa chomwe, n'kuyambiranso ngati yatsopano. Chimene chapita pamenepo chapita, ngakhale mundilirire bwanji. Ndiye tisanatero, tisamutsire katundu wanu mu fulashi yangayi."

"Samutsani zonse," anatero Alefa, "kupatula foda iyo."

Wayisoni anachita momwemo. Kamzere kobiriwira kosonyeza kuti zinthu zikusamuka kanayenda mpaka pakati, n'kuima. Atatsegula fulashi, munalibe kanthu. Anayesa kachiwiri ndi fulashi ina, anayesa kachitatu kusamutsa zithunzi zisanu ndi ziwiri zokha zija. Zinakana. Anati apulinte chimodzi, pepala linatuluka loyera ngati mmene linalowera. Alefa anajambula sikirini ndi foni yake, koma pa foni panangooneka mdima.

"Dikirani ndione china," anatero Wayisoni motsitsa mawu. Anasankha zonse, pamodzi ndi foda ya Felesiya. Kamzere kaja kanathamanga ngati madzi a mumfuleni, osatsimphina n'komwe. Katatsala pang'ono kufika kumapeto, Alefa anatambasula dzanja n'kuzula fulashi.

"Mwaona nokha," anatero Wayisoni. "Kompyutayi sinawonongeke. Ikulola zonse pamodzi, apo ayi palibe. Ine za mizimu sindinaphunzire, koma mnzangayu ndinkamudziwa, sanali wamakani pachabe. Pulintani chithunzi chimodzi cha m'foda ya mwanayo choti tikamupatse, ndikhulupirira chituluka. Sikuti mupite ndinu, ndikapereka ndine. Mulembenso dzina lake pa pologalamu ija. Dzina limodzi lokha, alamu. Chibale ndi fupa, sichiola."

"Chibale cha ndani? Ine ndi mbale wanga ameneyo?"

"Ndi mlongo wake wa Isaki."

"Isaki mlongo wake ndi Kelita." Alefa anaimirira. "Inu alamu musandiphunzitse. Munkadziwa kumene ankagula mapepala, ndipo munkabwera kwathu kudzadya osanena kanthu. Zaka zonsezi ine ndinali wochapa malaya oti akaonekere bwino ku Mayani. Atadwala, ndani ankamutembenuza pa mphasa? Ndani ankataya zotaya? Lero wafa, akufunabe kupita komweko, ndipo akufuna ndimuperekeze ndine?"

Wayisoni anaweramitsa mutu, chifukwa zina mwa zimenezo zinali zoona. Kenako anati, "Wakutsina khutu ndi mnansi. Mukafomata, zithunzi zanu zija zipitanso. Simudzakhala ndi nkhope yake pena paliponse."

Alefa anaseka, kuseka kowawa. Anadzigogoda pachipumi ndi chala. "Zaka makumi awiri ndi chimodzi ndakhala ndikudzuka nkhope imeneyo ili pambali panga. Ndikuidziwa kuposa chikhatho changachi. Chithunzi ndichitire chiyani ine? Ndili nayo muno. Amene alibe ndi iyeyo, ndipo sadzakhala nayo. Fomatani."

Wayisoni analowetsa fulashi ina yokhala ndi mapulogalamu atsopano, anadina apa ndi apo, mpaka pa sikirini panatuluka kabokosi ka mawu achingerezi. Apo anachotsa manja n'kuwapinda pachifuwa.

"Ikufunsa ngati mwatsimikiza. Pamenepa ndiye ine ayi. Ndinamunyamula popita kumanda, sindingamutayenso kachiwiri."

Kukhosi kuja kunamvekanso, koma ulendo uno sikunachokere kumasipika. Kunamveka pafupi, kumbuyo kwa khutu lamanzere la Alefa, pamene Damiyano ankakonda kuima akamamuonerera akutayipa. Kamodzi. Kawiri. Alefa anadikira. Mumtima ankati ngati ali ndi mawu anene, apepese kamodzi kokha. Koma sipanamveke mawu alionse. Ali moyo ankateronso bamboyo, kukonza kukhosi kenako n'kunena za nyengo.

Alefa anadina.

Chigayo chija chinalira mokweza, kenako chinatsika n'kumangong'ung'udza. Manambala anayamba kukwera pa sikirini. Atafika kumapeto, mpando wakale wa Damiyano, umene unali pakona wopanda munthu, unalira kwee, monga umalirira munthu akamadzukapo. Fungo la inki ndi sopo wometera linadutsa pakati pawo. Katani ya pakhomo inakankhikira kunja, kunja kopanda mphepo, n'kubwerera. Galu wa kubutchala, amene anagona pakhonde, anadzuka n'kupatuka ngati akupereka njira, ndipo anatsatira ndi maso chinthu chimene chinawoloka msewu n'kukhotera kumwera, mbali ya ku Dedza.

Wayisoni anamaliza ntchito yake. Anakana tiyi, anatola sikuludiraiva yake ija, n'kupita osatsanzika bwino.

Kompyuta inachira, zimenezo tisabise. Inkadzuka msanga ngati yatsopano, tsiku linali lolondola. Alefa anatayipa pologalamu, ndipo pulinta inamvera: ana awiri, Isaki ndi Kelita. Anapulinta makope zana limodzi. Pamwamba, pamene pankayenera kukhala chithunzi cha malemu, anangoikapo mtanda. Anatseka shopu dzuwa likadalipo, mtima uli mbee, n'kumadziuza kuti wapambana.

Ali m'njira yopita kunyumba anati amuganizireko mwamuna wake, tsopano poti watsala wake yekha. Chipewa chinabwera. Malaya a mizeremizere okhala ndi dontho la inki pathumba anabwera. Manja anabwera, ndi chipsera cha pachala chachikulu chomwe. Koma pakati pa chipewa ndi kolala panalibe kanthu. Panangoti mbuu, ngati chithunzi chimene chapsa ndi kuwala. Anaima pakati pa njira n'kutsinzina mwamphamvu. Anayesa tsiku la ukwati, anayesa tsiku limene Isaki anabadwa, anayesa ngakhale m'bokosi muja. Paliponse munthuyo analipo, ataima bwinobwino, koma wopanda nkhope.

Anaimbira Kelita, mwana wake wamkazi amene amaphunzira unamwino ku Lilongwe.

"Iwe, tandiuza. Bambo ako anali ndi mpata pakati pa mano, eti? Kapena ndikusokoneza ndi amalume ako?"

Kelita anayankha ndi mawu a munthu amene wakhala akulira. "Amayi, mwandifunsiranji zimenezo? Chiyambire masana ndikuyesa kuwakumbukira, sakubwera. Ndamuimbira Isaki, nayenso akuti chimodzimodzi. Tatumizani chithunzi chimodzi cha m'kompyuta muja."

Alefa anadula foni. Lachisanu m'mamawa anakwera kabaza kupita kwa mlamu wake uja anatenga chithunzi cha ukwati. Mayiyo anakachitulutsa kuchipinda akupepesa. Chiswe chinali chitalowa kuseri kwa galasi. Diresi la Alefa linali lonse, maluwa onse, suti ya Damiyano yonse mpaka tayi. Chinadya pamwamba pa tayi pokha.

Loweruka anthu anasonkhana kumanda a kwawo kwa Damiyano, kuseri kwa phiri la Nkhoma. Kwaya inaimba, abusa analalikira, nsalu yoyera inachotsedwa pa chiliza. Mkulu wa mpingo yemwe uja anawerenga pologalamu monga inalembedwera, ana awiri, ndipo ulendo uno palibe ngakhale anatsokomola. Alefa anapeza chimene ankafuna. Anakhala pa mkeka pakati pa ana ake, atagwira pepala lokhala ndi mtanda, akulirira munthu amene sankatha kumuona. Amayi ena ankati taonani chikondi, chaka chatha koma akulira ngati maliro ndi a lero.

Anthu atayamba kubalalika, Alefa anaona mapazi aja. Anali kumapeto kwa manda, pansi pa mtengo wa msuku, aatali, otuwa ndi fumbi. Kwa zaka zonse zija maso ake ankathera pamenepo. Tsikulo anakwera okha: chitenje, mwana kumsana, khosi, chibwano.

Damiyano anali ataima pansi pa msuku. Chipumi chake chotambalala chija, makutu ake oimirira aja, diso lamanzere locheperako pang'ono, ndi mpata uja pakati pa mano. Inde, mpata unalipo. Zonse zinabwerera nthawi imodzi mpaka Alefa anamva chizungulire. Koma atangophethira n'kuyang'ana kumbali kuti aitane Kelita, nkhope ija inazimanso m'mutu mwake ngati nyali. Anayang'ananso kwa Felesiya, inabwerera. Apo m'pamene anamvetsa kuti sidzakhalanso mwa iye. Kuti aione, ayenera kukaiona kumeneko.

Anadzuka, nsalu ikukwekwereka, anadutsa pakati pa mitumbira osaona pamene akuponda. Atafika pafupi anachita chimene sanachitepo chibadwire. Anagwada.

"Mwanangu," anatero, liwu limene linamupweteka potuluka. "Ima kaye choncho. Ndikuone pang'ono pokha."

Felesiya anamuyang'ana ndi maso a bambo ake. Sanakwiye, ndipo chimenecho ndicho chinawawa kwambiri. Anakonza kukhosi, kamodzi, kawiri.

"Kompyuta ija inachira, amayi?"

Alefa anatsegula pakamwa, koma bodza linali litamuthera, ndipo choona sichikanamuthandiza. "Inachira," ananong'ona. "Koma mulibe kanthu."

Mtsikanayo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa zimene ankazidziwa kale. Anamasula mpango wa kumutu kwake, anaukokera kutsogolo mpaka unaphimba chipumi, maso ndi pakamwa, anakonza mwana kumsana, n'kutembenuka. Alefa anatsala chigwadire, akuona mapazi okha akupita.

Ku Mayani anapitako kawiri konse. Anamuuza kuti Felesiya anasamuka ndi mwamuna wake, ena amati ku Kasungu ku mafodya, ena amati anawoloka malire. Kompyuta ija mpaka lero ikugwira ntchito bwinobwino, sinavutenso ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo a Chikadza anabwerera pakhonde lawo lakale. Ndiye mukadzalowa m'kashopu kaja, mayiyo akadzakuyang'anitsitsani kudzera m'magalasi a mwamuna wake, musadzathawe, ndiponso musadzamufunse. Mudzangoima pang'ono kuti aone bwino. Akadzaona kuti si inu, adzakufunsani yekha kuti mukufuna makope angati.